ZA ANA ATHU NDI SUKULU: Kuwerenga Njira ya Digiri ya Saikoloji Ulendo Usanayambe

Tsiku lina anadza kwa ife bambo wina wa m'mudzi, mlimi wa cimanga ndi mtedza, ali ndi pepala m'thumba la malaya. Pepalalo linacokera kwa mwana wace wamkazi amene agwira nchito m'sitolo ku Johannesburg, ndipo linali lodzala ndi maina a maphunziro ndi ziwerengero zimene bamboyo sanathe kuzimasulira. Anati, "Mwanayu alikuti afuna kuphunzira saikoloji, ndipo apempha kuti timthandize zaka 3. Tsono ndiuzeni, zikatha zaka 3 zimenezo, kodi adzakhala dokotala wa anthu odwala misala?" Tinakhala naye pansi kufikira dzuwa linapendeka, ndipo popeza mafunso otere alikucuruka m'nyumba zathu, tiyesa nkwabwino kulemba muno zimene tinakambirana.

Poyamba tinene cimene ciri saikoloji. Dzinali licokera ku mau awiri a Cigriki, ndipo linena za kuphunzira mtima wa munthu: umo aganizira, umo akumbukira ndi kuiwala, umo mwana akulira m'nzeru, cimene cimcititsa mantha kapena mkwiyo, ndi umo munthu asinthira akakhala pakati pa anzace. Zimenezi makolo athu anazisinkhasinkha kalekale, ndipo miyambi yathu ndiyo nkhokwe yace. Koma monga phunziro la pa yunivesite, anthu awerenga ciyambi cace pa caka ca 1879, pamene Wilhelm Wundt anatsegula nyumba yoyeseramo za maganizo m'mzinda wa Leipzig ku Germany. Iye ndi ophunzira ace ankayesa ndi mawochi kamphindi kamene kapita pakati pa kumva kwa khutu ndi kuyankha kwa dzanja. Musunge mau awa akuti kuyesa ndi kuwerenga, pakuti pamenepa mpamene ana ambiri apunthwa. Iwo alowa alikuganiza kuti adzangomvera madandaulo a anthu ndi kuwatonthoza, napeza masamu alikuwadikira pakhomo.

Tsono tibwere ku zaka 3 zija. Mwanayo anasankha University of South Africa, imene anthu aifupikitsa kuti Unisa, ya ku Pretoria. Ndiyo yunivesite imene inayamba kuphunzitsa anthu ali kwao mwa makalata m'caka ca 1946, ndipo lero icita zimenezo pa intaneti. Tidzaitenga monga citsanzo, cifukwa kawerengedwe kace kali poyera, ndipo munthu ali yense wodziwa kuonkhetsa angathe kukatsata. Kwathu kuno, ku University of Malawi ku Zomba, digiri yoyamba itenga zaka 4, ndipo ziwerengero zace nzina. Koma wokonzeratu njira afunsa mafunso omwewo kuno ndi uko.

Ku Unisa digiri iri ngati mtolo wa nkhuni 30. Nkhuni iri yonse ndi phunziro limodzi, dzina lace module, lokhala ndi mayeso aceace. Phunziro liri lonse liri ndi muyeso wa makirediti 12, motero digiri yonse ndi makirediti 360. Nanga kirediti nciani? Ndi muyeso wa nthawi: kirediti imodzi iimira maora 10 a nchito ya wophunzira, kuwerenga mabuku, kulemba zimene aphunzitsi apereka, ndi kukonzekera mayeso. Cifukwa cace phunziro limodzi lifuna maora 120, ndipo digiri yonse ifuna maora 3,600. Caka acigawa pawiri, ndipo cigawo ciri conse ndi semesita. Tikawerenga masabata 15 pa semesita, phunziro limodzi lidya maora 8 pa sabata.

Apa bambo uja anayamba kuwerenga ndi zala. Kuti munthu atsirize m'zaka 3 ayenera kukhoza maphunziro 10 pa caka, 5 pa semesita, ndiwo maora 40 pa sabata. Imeneyo ndi nchito yathunthu, ya munthu wosagwira nchito ina. Koma mwana uja aima m'sitolo kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Akapeza maora 2 usiku uli wonse kwa masiku 5, naonjezapo maora 6 pa tsiku lace lopumula, ali nao maora 16, okwanira maphunziro 2 okha pa semesita. Pamenepo ndi maphunziro 4 pa caka, ndipo nkhuni 30 zija zidzatha patapita zaka 7 ndi theka. Komatu yunivesiteyo iri ndi malire ace. Ipereka zaka 8 zotsirizira digiri yotere, ndipo ifuna kuti wophunzira akhoze makirediti 36 caka coyamba, ndi 48 caka ciri conse cotsatira, kuti aloledwe kulembetsanso. Onani tsono, woyenda ndi maphunziro 4 pa caka alikuyenda m'mphepete mwa phompho. Akalephera limodzi lokha m'caka caciwiri, wagwa pansi pa muyeso. Wokhoza kupeza maora 24 pa sabata atenge 3 pa semesita, ndipo adzatsiriza m'zaka 5, ali ndi mpata wa kugwa ndi kudzukanso.

Tinene poyera maganizo athu. Kulembetsa maphunziro 5 munthu ali ndi maora a maphunziro 2 kapena 3 si khama ai, nkutaya ndalama. Phunziro lolephera alilipira kawiri, ndipo mbuzi imene inagulitsidwa kuti alilipire poyamba sibwereranso m'khola. Ana athu acita ici si cifukwa ca ulesi, koma cifukwa ca manyazi. Safuna kuuza makolo kuti ulendo ndi wa zaka 5, nachula zaka 3 zimene ziri pa cikuto ca buku la yunivesite.

Koma nkhuni za mtolo umenewu sazitola monga munthu afunira. Maphunziro ali m'misinkhu itatu, ndipo wina ukhala pamwamba pa unzace. Pa msinkhu woyamba wophunzira alawa pang'ono za zonse: ubongo ndi mitsempha, kuona ndi kumva, umo munthu ndi nyama ziphunzirira, umo tikumbukira. Pa waciwiri alowa mozama m'kakulidwe ka mwana, nakomana ndi Jean Piaget wa ku Switzerland, amene anaonetsa kuti mwana wamng'ono ayesa madzi acuruka ukawathira m'kapu yaitali yopapatiza, ngakhale waona ndi maso ace kuti sunaonjezepo dontho; aphunziranso cimene cisiyanitsa mtima wa munthu ndi wa mnzace, namva za Sigmund Freud wa ku Vienna ndi za ambiri amene anatsutsana naye. Pa wacitatu mpamene pabwera zimene ana athu azilakalaka, za matenda a maganizo ndi za kuthandiza obvutika. Tsono maphunziro ambiri a pamwamba ali ndi khomo lotseka, ndipo mfungulo yace ndi phunziro lina la pansi. Wolephera la pansi sataya ilo lokha, koma onse amene aima kumbuyo kwace. Ndipo m'mayunivesite ambiri muli maphunziro ophunzitsidwa kamodzi kokha pa caka. Woliphonya ali ngati mlimi amene mvula yoyamba inamdutsa mbeu ziri m'nyumba. Cifukwa cace pa pepala la ulendo wophunzira ayambe wafuna maphunziro amene atsegulira ena, awaike patsogolo, nawapatse maora abwino koposa.

Mwa mfungulo zonsezi yaikuru ndi ija ya masamu a ciwerengero, dzina lace statistics, pamodzi ndi phunziro la kacitidwe ka kafukufuku. Tikhale pano pang'ono, pakuti bambo uja anadabwa kwambiri, nafunsa kuti masamu afuna ciani m'mtima wa munthu.

Tiyerekeze munthu anena kuti ana olandira phala kusukulu akhoza bwino kuposa anzao. Mau ace amveka oona, ndipo tonse tingabvomere. Koma wa saikoloji afunsa, wadziwa bwanji? Ngati wayerekeza sukulu ya phala ndi sukulu yopanda phala, kapena ya phalayo iri ndi aphunzitsi ambiri, kapena iri pafupi ndi mseu, kapena makolo a kumeneko anaphunzira. Ngati wayesa ana 6 okha, kapena mwangozi wasankha ana ocenjera. Tsono afunika ana angati kuti tinene kuti kusiyanako si mwai cabe? Tiwasankhe bwanji kuti maso athu asatinyenge? Kukhoza bwino tikuyese ndi ciani? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo statistics ndi kafukufuku. Popanda iwo wophunzira sangathe kusiyanitsa nzeru yoyesedwa ndi mphekesera yobvala jekete. Masamu ace si akuya kwambiri; wokhoza masamu a Fomu 4 angawathe, ngati awacita pang'ono pang'ono sabata liri lonse ali ndi pensulo m'dzanja, osati kungowayang'ana ngati nthano. Cimene cipha ana ndi mantha. Alikankhira phunzirolo ku semesita yamawa, nalikankhanso, kufikira litsala lokha pa mapeto, litatseka khomo la maphunziro a msinkhu wacitatu. Ife tikuti alitenge msanga pamene malamulo alola, ndipo semesita imeneyo aliphatikize ndi maphunziro opepuka.

Cinanso nici. Maphunziro a saikoloji okha sadzaza mtolo wonse wa 30. Wophunzira aonjezapo a mtundu wina, ndipo ena asankha yekha. Pamenepa pali msampha umene akuru anauchula kale, kuti ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada. Mwana aona phunziro la dzina lokoma alitenga, aona lina lopepuka alitenganso, ndipo onsewo ndi a msinkhu woyamba. Pa mapeto aonkhetsa makirediti ace, apeza ndi ambiri ndithu, koma digiri palibe, cifukwa lamulo la ku South Africa lifuna kuti mwa makirediti 360 aja, 120 akhale a msinkhu wotsiriza, ndiwo maphunziro 10 mwa 30. Nkwabwino kusankha mtundu umodzi woyenda nao limodzi ndi saikoloji kufikira pamwamba, monga za cikhalidwe ca magulu a anthu, kapena za maphunziro a ana, kapena za kayendetsedwe ka anchito, malinga ndi nchito imene munthu aiyang'ana kutsogolo. Ndipo malamulo a digiri amasintha. Buku loyenera kutsata ndi la yunivesite la caka cimeneco, osati pepala la mnzace amene anatsiriza zaka zapitazo. Pali alangizi a ophunzira olembedwera nchito yomweyi, ndipo safunsa anadya phula.

Tsopano funso laciwiri, la udokotala. Yankho lace ndi iai, ndipo nkwabwino kulimva lero kusiyana ndi kulimva ndalama zitatha. Dokotala wa matenda a maganizo, amene alemba mankhwala, ayamba waphunzira udokotala wa thupi lonse, monga aphunzitsira kwathu kuno ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo pambuyo pace aonjezapo zaka zina. Imeneyo ndi njira ina, yosadutsa m'digiri ya saikoloji. Ngakhale dzina lakuti katswiri wa saikoloji, wololedwa kuona anthu obvutika maganizo, silibwera ndi digiri yoyamba. Ku South Africa munthu akatsiriza digiriyo aonjeza digiri ya Honours, kenaka ya Masters, kenaka miyezi 12 ya kugwira nchito pansi pa akatswiri, nalemba mayeso a bungwe la Health Professions Council of South Africa. Ndipo wa nthambi ya m'cipatala agwiranso caka cimodzi ca kutumikira anthu. Malo a Masters ndi ocepa, ndipo ofunapo ndi ambiri. Iripo njira yaifupi, ya mlangizi wolembedwa m'kaundula, imene ifuna maphunziro a zaka 4 obvomerezedwa ndi bungwelo pamodzi ndi maora 720 a kuphunzira pa nchito. Koma si digiri iri yonse ya saikoloji ipita kumeneko, ndipo wofuna njirayo afunse asanalembetse.

Sitinena zimenezi kuti tigwetse mphwai mwana ali yense. Wa digiri yoyamba apeza nchito m'mabungwe othandiza ana ndi mabanja, m'maofesi oyang'anira anchito, m'kafukufuku wa m'midzi. Ndipo anthu odziwa za maganizo dziko lathu liwasowa ndithu. Tinena kuti njira ikonzedwe kuyambira ku mapeto. Mwana anene poyamba kumene afuna kukafika, ndipo abwerere cam'mbuyo. Onani citsanzo. Kukhoza phunziro ku Unisa ndi 50 pa 100. Koma kulowa Honours kufuna 60 pa 100 pa maphunziro a saikoloji a msinkhu wacitatu. Motero wounjika maphunziro ambiri m'caka cotsiriza kuti atsirize msanga angathe kukhoza onse ndi 52 kapena 55, nalandira digiri yace ndi nthungululu, napeza khomo la Honours lotseka. Wofuna kupitirira acepetse katundu pa msinkhu wacitatu, ngakhale pakutero aonjeza semesita imodzi.

Saikoloji yomweyo iri ndi cenjezo kwa ana ace. M'caka ca 1994 aphunzitsi atatu a ku Canada, Roger Buehler, Dale Griffin ndi Michael Ross, anafalitsa zimene anapeza atafunsa ophunzira saikoloji 37 kuti adzatsiriza liti kulemba kafukufuku wao wa caka cotsiriza. Ophunzirawo, tikawaphatikiza onse, anati masiku pafupifupi 34. Atafunsidwa kuti nanga zonse zikabvuta, anati masiku 49. Koma nchitoyo inawatengera masiku opitirira 55, kuposa ngakhale ciwerengero cao ca masiku oipa. Ndipo amene anatsiriza pa nthawi imene anachula sanakwane 1 mwa 3. Amenewa sanali ana opusa, ndipo analikuphunzira za maganizo a munthu tsiku ndi tsiku! Cifukwa cace ncakuti munthu pokonza za mawa aona njira yosalala, naiwala malungo, maliro, ndi kuzima kwa magetsi, zimene zinamcedwetsa dzulo. Aphunzitsi omwewo anapezanso kuti anthu oonera pambali salonjeza masiku ocepa cotero, ndi kuti munthu akakumbutsidwa kulinga nchito yatsopano ndi zimene zinamcitikira kale, kuwerenga kwace kuyandikira coona. Apa tsono, makolo, muli ndi gawo lanu, ngakhale simunalowe m'yunivesite. Inu mudziwa mwana wanu. Mudziwa ngati ndi wodzuka m'banda kuca kapena wogona pa buku, ndi umo anacitira m'mayeso a Fomu 4. Mfunseni modekha kuti maora amene walemba pa pepala adzawatenga kuti, ndi kuti semesita yatha anawerenga maora angati pa sabata.

Mukumbukirenso nyengo. Mayeso a ku Unisa agwa m'miyezi ya May ndi June, ndiponso October ndi November. Yoyambayo ndi nyengo ya kukolola kwathu kuno, yaciwiriyo ndi ya kukonza minda ndi kudikira mvula. Ndizo nthawi zimene banja lifuna manja a mwana wokhala pamudzi, ndi ndalama za feteleza kwa mwana wa ku Joni. Banja limene labvomera kuti mwana aphunzire libvomerenso kumcepetsera katundu m'masabata amenewo. Koma mwananso asayese kuti masabata awiri a mayeso adzalowa m'malo mwa semesita yonse. Hermann Ebbinghaus, amene anayesa cikumbumtima ca mutu wace wa iye mwini nafalitsa buku lace m'caka ca 1885, anaona kuti zophunzira tsiku limodzi ziwuluka msanga, ndi kuti kubwereza kogawa masiku angapo kufuna nchito yocepa kusiyana ndi kubwereza kounjika.

Dzuwa litapendeka tinatembenuza pepala la mwana uja, ndi kulemba kuseri kwace mizere 10, mzere umodzi semesita imodzi, maphunziro 3 pa mzere. Pa mizere yoyamba tinaika maphunziro otsegula makomo. La masamu a ciwerengero tinaliika pa mzere woyamba umene lamulo lilola. Ndipo pansi pa mizere 10 tinasiya iwiri yopanda kanthu, ya matenda ndi ya phunziro lobwereza. M'mbali tinalemba mafunso 3 oti mwanayo akafunse kwa alangizi a yunivesite: maphunziro ati atsekera ena khomo, ati aphunzitsidwa kamodzi pa caka, ndipo digiri imene wasankha ipita ku nchito iti. Bamboyo anayang'ana mizereyo nthawi yaitali, nati zaka 5 angazithe ngati ndalama zituruka za maphunziro 3 pa nthawi, pakuti za 5 pamodzi sakanazipeza ngakhale caka ca zokolola zabwino. Anapinda pepala, nati adzamuimbira foni mwanayo Loweruka madzulo, akaweruka ku sitolo, kuti amfunse ngati maora 24 pa sabata alipodi.